Kulawirira Ulendo wa ku West Point

Mwana wanga wamkazi anali mu giredi 11, kutatsala chaka ndi theka kuti amalize sekondale, pamene anatiuza tikudya chakudya chamadzulo kuti akufuna kukaphunzira ku West Point. Ine ndinayankha monga kholo lotopa ndi ntchito limayankhira, kuti nkhaniyo tidzaikamba nthawi yake ikadzakwana, popeza kwathu ku Malawi ndinakula ndikudziwa kuti munthu amayamba kuganiza za koleji zotsatira za mayeso a Fomu 4 zikatuluka. Iye anaika supuni pansi n'kunena modekha kuti, "Adadi, nthawi yake ndi inoyi, ndipo anzanga ena ayamba kale." Unali mwezi wa Januwale, kunja kuno ku Indiana kuli chipale chofewa, ndipo ndinaganiza kuti ndi changu cha ubwana chabe. Pofika Malichi wa chaka chotsatira ndinali nditadziwa kuti tikanachedwa ndi miyezi itatu yokha, khomo likanatitsekekera popanda wotichitira nkhanza aliyense.

Kwa amene sakuidziwa, West Point ndi sukulu ya ukachenjede ya asilikali a pamtunda a dziko la America, yomwe inakhazikitsidwa mu 1802 m'mbali mwa mtsinje wa Hudson, pamtunda wa makilomita pafupifupi 80 kumpoto kwa mzinda wa New York. Ili ndi zinzake zinayi. Ya asilikali a panyanja ili ku Annapolis m'boma la Maryland ndipo inayamba mu 1845, ya asilikali a mumlengalenga ili ku Colorado Springs ndipo inayamba mu 1954, ya asilikali olondera magombe a nyanja, otchedwa Coast Guard, ili ku New London, pomwe ya oyendetsa sitima zamalonda ili ku Kings Point. Wophunzira wa ku West Point salipira fizi, malo ogona kapena chakudya, ndipo amalandira kangachepe mwezi uliwonse, koma akamaliza zaka zinayi ndi kulandira digiri pamodzi ndi udindo wa Second Lieutenant, amayenera kutumikira zaka zisanu m'gulu la nkhondo, kenako zaka zina zitatu ali wokonzeka kuitanidwa. Walira mvula walira matope. Makolo ambiri amene ndacheza nawo maso awo amawala akamva za maphunziro aulere, koma amazizira akamva za zaka zisanu ndi zitatu zija, ndipo ine sindiwanena chifukwa inenso ndinali m'gulu lomwelo.

Chaka chilichonse sukuluyi imatenga achinyamata pafupifupi 1,200, ndipo malamulo ake oyambirira ndi osavuta kuwamva. Munthu ayenera kukhala atakwanitsa zaka 17 koma asanakwanitse 23 pofika pa 1 Julayi wa chaka cholowera, akhale wosakwatira kapena wosakwatiwa, wopanda mwana womudalira, komanso akhale nzika ya America. Mwana wathu anabadwira ku Malawi ndipo tinabwera naye kuno ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, koma popeza ife makolo tinalandira unzika iye asanakwanitse zaka 18, lamulo linamupatsa unzika nayenso, ndipo pasipoti yake inali kale m'kabati. Palinso malo ochepa, osapitirira 60 pa nthawi imodzi, a ophunzira ochokera m'maiko ena, koma amenewo amasankhidwa ndi maboma awo kudzera ku ofesi ya kazembe wa America, choncho njira yawo ndi ina ndipo sindiyo ndikukamba pano.

Chimene chinandisokoneza poyamba n'chakuti ndinkaganiza kuti kufunsira malo ndi fomu imodzi yokhala ndi tsiku limodzi lotsekera. Kunena zoona tsiku lotsekera lilipo, kumapeto kwa Januwale wa giredi 12, ndipo munthu wongoyang'ana kalendala angaganize kuti ali ndi nthawi yambiri. Koma zimene zilipo ndi zipata zitatu zosiyana, chilichonse ndi mlonda wake, ndipo alonda atatuwa sadikirana. Chipata choyamba ndi sukuluyo, chachiwiri ndi phungu wa nyumba ya malamulo, chachitatu ndi madokotala. Munthu angathe kudutsa ziwiri mwaulemerero n'kugwa pa chachitatu, ndipo palibe amene angamuwonjezere ngakhale sabata imodzi.

Chipata cha sukulu ndicho chinali chodziwika kwa ine, chifukwa chimafuna zimene sukulu iliyonse imafuna, monga magiredi, mayeso olowera ku koleji otchedwa SAT kapena ACT, maumboni a aphunzitsi ndi nkhani zolemba wekha. Amati poyeza munthu, maphunziro amatenga magawo 60 pa 100 aliwonse, utsogoleri magawo 30, ndipo mphamvu za thupi magawo 10. Mayeso a thupiwo ali ndi mbali zisanu ndi imodzi zochitidwa motsatizana popanda kupuma kwenikweni, kuyambira kuponya mpira wa basketball utagwada, kudzikweza pachitsulo, mpaka kuthamanga mtunda wa mailo imodzi pomaliza, miyendo italema kale. Mwana wanga ankathamanga bwino, koma pachitsulo paja sankatha kudzikweza ngakhale kamodzi, ndipo chitsulo chimene ndinakhoma pachitseko cha chipinda chapansi chinasiya mabowo amene mayi ake sanandikhululukirebe. Zinamutengera miyezi isanu kuti afike pa kanayi. Nyama ya m'manja siimva za tsiku lotsekera, imakula pa liwiro lake.

Mu Juni, atamaliza giredi 11, anapita kukakhala sabata imodzi ku West Point komweko pa pulogalamu yotchedwa Summer Leaders Experience, imene imafunsiridwa miyezi ingapo m'mbuyo mwake. Sikuti amene sanapiteko ndiye kuti walephera, koma kwa ife sabata imeneyo inali yofunika pa chifukwa china. Ndinkayembekezera mumtima kuti akadzutsidwa m'bandakucha ndi kukalipiridwa ndi anthu omuposa zaka ziwiri zokha, adzabwera atasintha maganizo. Anabwera ndi matuza kumapazi ndi mawu osasa, n'kundiuza m'galimoto kuti, "Adadi, ndi kumeneko."

Chipata chachiwiri n'chimene anthu ochokera kunja sitimachiyembekezera. Kupatula sukulu ya Coast Guard, sukulu zimenezi sizingalandire munthu amene sanasankhidwe ndi wina wopatsidwa mphamvu ndi lamulo, ndipo kwa ambiri wosankhayo ndi phungu wa dera lawo kapena mmodzi mwa maseneta awiri a boma lawo, omwe ndi aphungu a chigawo china cha nyumba ya malamulo. Phungu aliyense amaloledwa kukhala ndi ophunzira asanu okha pa nthawi imodzi ku West Point, kutanthauza kuti zaka zambiri amakhala ndi malo amodzi otseguka, ndipo pa malo amodziwo amapereka mndandanda wa mayina angapo kuti sukulu isankhepo. Wachiwiri kwa pulezidenti nayenso ali ndi malo ake, ndipo ana a asilikali amene atumikira nthawi yaitali ali ndi khomo lawo lapadera. Nditangomva kuti pakufunika kalata ya phungu, mtima wanga unagwa, chifukwa ndinayamba kuwerenga anthu amene ndikuwadziwa amene angadziwe munthu wina wodziwana ndi phunguyo, ndipo sindinapeze ngakhale mmodzi. Ndinachita manyazi pambuyo pake nditaona kuti ofesi iliyonse ili ndi fomu yake pa intaneti, ndipo ambiri mwa aphunguwa amasiya ntchito yofunsa mafunso m'manja mwa kagulu ka asilikali opuma ndi anthu ena odalirika a m'deralo.

Vuto la chipata chimenechi ndi kalendala yake. Maofesi a aphungu amatseka kulandira mafomu kale kwambiri kuposa sukulu, ambiri mu Seputembala kapena Okutobala, ndipo ofesi iliyonse ili ndi tsiku lake, mafunso ake ndi chiwerengero chake cha makalata a umboni. Mwana amene wayamba kuganiza za West Point pa Khirisimasi, atawerenga kuti tsiku lotsekera ndi kumapeto kwa Januwale, amapeza kuti khomo la phungu linatsekedwa miyezi iwiri kapena itatu yapitayo. Ife tinafunsira ku maofesi onse atatu ndi kwa wachiwiri kwa pulezidenti, ndipo ngakhale tinayamba mu Julayi, kalata imodzi ya mphunzitsi inafika kutatsala masiku awiri, popeza mphunzitsiyo anali atasamukira kusukulu ina osatsanzika. Pa tsiku la mafunso, mu Novembala, ine ndinakhala pakhonde ndi makolo ena, tonse tikunamizira kuwerenga mafoni athu. Mwana atatuluka anandiuza kuti funso limene linamugwira pakhosi silinali la masamu kapena la ndale, koma lakuti, kodi wakonzeka kulamula anthu amene mwina sadzabwerera kwa amayi awo.

Tsopano ndifike pa chipata chachitatu, chimene ndicho chandichititsa kulemba zonsezi. Kuyeza thanzi sikuchitidwa ndi sukulu koma ndi bungwe la unduna wa zachitetezo lotchedwa DoDMERB, ndipo munthu sangodzipitira yekha. Sukulu ndiyo imatumiza dzina lako kumeneko ikaona kuti mafomu ako ayenda mokwanira. Apa ndiye pagona phindu lenileni lofulumira, chifukwa amene wamaliza mafomu ake mu Ogasiti amayezedwa mu Seputembala, pomwe amene wamaliza mu Januwale amayezedwa mu Febuluwale kapena Malichi, ndipo ngati papezeka kanthu, nthawi yoti akakonze imakhala itatha.

Kwa ife kanthuko kanapezeka. Ali ndi zaka 14, mwana wathu anadwala chifuwa chimene chinatenga milungu itatu m'nyengo yozizira, ndipo dokotala wa pa kachipatala kena, amene anamuona kwa mphindi zosakwana khumi, anamulembera kabotolo kopopera m'kamwa kaja ka anthu a mphumu. Anakagwiritsa ntchito masiku anayi, chifuwa chinatha, ndipo kabotoloko kanaiwalika m'dirowa ya kubafa. Sitinadziwe kuti m'kaundula wa chipatalacho munalembedwa mawu osonyeza mphumu, ndiponso sitinadziwe kuti malamulo a usilikali amakana munthu amene ali ndi mbiri ya mphumu atapitirira zaka 13. Chaka chimodzi chokha ndicho chinatilekanitsa ndi mtendere.

Fomu ya mbiri ya thanzi imafunsa mosabisa ngati munthu anapatsidwapo mankhwala otere. Mnzanga wina wa kutchalitchi, munthu wabwino amene ankangofuna kutithandiza, anandikokera pambali n'kunena kuti, "Achimwene, zinazi sitilemba. Angadziwe bwanji?" Ndikuvomera poyera kuti mawu amenewa ndinawasunga mumtima masiku awiri, ndipo tsiku lachitatu ndinawafikitsa kwa mwana mozungulira, ngati kuti ndikungofunsa maganizo ake. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anandikumbutsa kuti lamulo loyamba la wophunzira wa ku West Point ndi lakuti sanama, sabera, saba, ndipo salekerera amene akuchita zimenezi. Anati, "Ndiye ndikalowe ndi bodza pakhomo pomwe palembedwa mawu amenewo?" Pali zifukwa zina zomveka zosanamira, monga chakuti masiku ano mbiri ya mankhwala imasungidwa pa kompyuta ndipo ikhoza kutulukira mwana ali kale m'chaka chachiwiri, koma sichinali chifukwa chimenecho chimene chinanditseka pakamwa usiku umenewo.

Analemba zoona, ndipo mu Okutobala kunabwera uthenga wakuti sakukwanira pa zathanzi. Mayi ake analira, ine ndinakhala chete ndi mlandu wanga, koma mkulu wina wopuma usilikali amene sukulu inamuika kuti azithandiza ofunsira malo a m'dera lathu anatifotokozera kuti mawu amenewo si omaliza. Bungwe la madokotala limangoyerekeza mbiri ya munthu ndi mndandanda wa malamulo, ndipo mphamvu yopereka chilolezo chapadera, chimene amachitcha waiver, ili ndi sukulu. Koma sukulu siivutikira aliyense. Imayamba ntchito imeneyi kwa okhawo amene ikuona kuti ingawatenge, ndipo kuti ione zimenezo mafomu onse ayenera kukhala atakwanira patebulo. A mwana wathu anali atakwanira kuyambira kumapeto kwa Ogasiti.

Anatipempha zinthu ziwiri, kuyezetsa mapapo kwa dokotala wa matenda a m'chifuwa, ndiponso zolemba zonse za kuchipatala zokhudza kapumidwe kake kuyambira ali wakhanda. Kupeza tsiku kwa dokotala wa mapapo kunatenga milungu isanu. Kachipatala kaja kanali katagulidwa ndi kampani ina, ndipo makalata athu opempha kaundula anayenda mwezi wathunthu kuchoka pa desiki ina kupita pa ina. Koma chovuta koposa chinali zaka zisanu ndi chimodzi zoyambirira za moyo wake, zimene mbiri yake yonse inali m'kabuku ka kusikelo kamene tinasiya kumudzi.

Ndinaimbira foni amayi anga, amene mpaka nthawi imeneyo tinali tisanawauze bwinobwino za nkhaniyi. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anafunsa kuti, "Usilikali? Mwana wamkaziyo? Kodi kumeneko ntchito zina zatha?" Bambo awo anali msilikali wa Keyala amene anapita ku Burma pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndipo chimene amayi amakumbukira si mamendulo koma munthu amene anabwera wosalankhula. Ndinawauza kuti akazi akhala akuphunzira ku West Point kuyambira 1976, koma zimenezo sizinawakhudze. Chimene chinawafewetsa ndi mdzukulu wawo mwini, amene anatenga foni n'kuwapempha m'Chichewa chake chopunduka kuti, "Agogo, ndithandizeni, kabukuko kali ndi inu." Patapita masiku atatu anakapeza pansi pa sutikesi yakale, katakulungidwa m'pepala la pulasitiki la shuga pamodzi ndi makadi a ubatizo.

Mphwanga wina anajambula masamba ake ndi foni n'kutitumizira pa WhatsApp, koma inki inali itafufuka ndipo theka la zolembazo silinkawerengeka, choncho tinadikira munthu wina wobwera kuno kuti atitengere kabuku kenikeniko. Kanafika pakati pa Disembala, kakununkha utsi wa nkhuni. Munali mzere wa kulemera kwake ukukwera mwezi ndi mwezi, masiku a katemera, malungo kawiri, ndi chibayo kamodzi ali ndi zaka zitatu, zonse zolembedwa ndi manja a anthu osiyanasiyana amene sindidzawadziwa. Mawu akuti mphumu munalibe paliponse. Dokotala wa mapapo, atamupumitsa mankhwala amene amautsa mphumu mwa munthu amene ali nayo n'kupeza kuti mapapo sanasinthe, anatenga kabukuko n'kukatembenuza mosamala ngati chinthu cha m'nyumba yosungiramo zakale, kenako analemba kalata ya masamba awiri.

Ndikawerenga masiku, kuchokera pa uthenga wokana uja mpaka pa chilolezo chapadera, chimene chinabwera kumapeto kwa Febuluwale, panadutsa miyezi inayi ndi theka. Mwana amene anayezedwa mu Febuluwale n'kupezeka ndi vuto lomweli akanafika mu Julayi akudikirabe, anzake atameta kale. N'chifukwa chake ndimatsutsa anthu amene amafotokoza kufulumira ngati mpikisano wofika poyamba pamzere. N'zoona kuti West Point imayang'ana mafomu pamene akufika, ndipo ochepa amene achita bwino kwambiri amalandira msanga kalata yotchedwa Letter of Assurance, yowalonjeza malo ngati apeza kalata ya phungu ndi kudutsa kwa madokotala. N'zoonanso kuti sukulu ya Coast Guard ili ndi ndondomeko yakeyake ya ofunsira msanga, yotseka pakati pa Okutobala. Koma mwana wathu sanalandire kalata yolonjeza ija, ndipo kufulumira sikunawonjezere kanthu pa magiredi ake. Chimene kunatipatsa ndi mpata woti zinthu zilakwike n'kukonzedwa, ndiponso mpata woti tinene zoona popanda kutaya chaka. Ndikukayika ngati ndikanalimba mtima chimodzimodzi funso la kabotolo lija likanabwera kutatsala milungu iwiri.

Pali mbali ina imene ndiyenera kuitchula kuti ndisaoneke ngati ndikukometsera. Kufulumira kuli ndi mtengo wake, ndipo amalipira ndi mwana. Tchuthi chonse cha pakati pa giredi 11 ndi 12 chinathera pa mafomu, pachitsulo chija ndi pa kulemba mayeso a SAT kachiwiri, ndipo munthu wa zaka 17 amene waika mtima wake wonse pa khomo limodzi kwa chaka ndi theka amayamba kuona ngati akakanidwa ndiye kuti moyo watha. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa, koma pa nkhani iyi ndinawakanira, ndipo ndinaumiriza mwana kufunsiranso malo ku mayunivesite awiri wamba komanso thandizo la ROTC, limene limalola munthu kuphunzira usilikali ali pa yunivesite wamba n'kudzakhala ofisala chimodzimodzi. Anachita monyinyirika. Usiku wina mu Januwale, yankho lisanabwere, ndinamupeza akuwerenga za imodzi mwa mayunivesite aja, ndipo sindinanene kanthu.

Kalata ya phungu inali itabwera Khirisimasi isanafike, ndipo mu Malichi phunguyo anaimba yekha foni kudzanena kuti mwana wapatsidwa malo. Ine ndinali kuntchito, choncho ndinangomva kukuwa kwa mayi ake pa foni. Madzulo ake ndinamukumbutsa mwanayo chinthu chimodzi chimene ndinali nditawerenga mobwerezabwereza, chakuti wophunzira angathe kuchoka m'zaka ziwiri zoyambirira popanda ngongole ya utumiki, ndipo lumbiro lomanga limabwera poyamba chaka chachitatu. Anaseka n'kunena kuti ndakhala ndikufunafuna khomo lotulukira kuyambira tsiku loyamba, ndipo sanalakwe.

Tsiku lolandira ophunzira atsopano, limene amalitcha R-Day, limakhala chakumapeto kwa Juni kapena kumayambiriro kwa Julayi. Tinayenda pagalimoto tsiku lathunthu, tinagona pa hotela ina, ndipo m'mawa mwake tinalowa m'holo pamodzi ndi mabanja ena. Wophunzira wamkulu wovala yunifolomu anafotokoza mwachidule dongosolo la tsikulo, kenako ananena kuti tili ndi masekondi 90 oti titsanzikane. Miyezi 18 ya mafomu, makalata ndi mafoni inathera pa mphindi imodzi ndi theka, ndipo mawu onse amene ndinakonza m'njira anandithawa, moti ndinangomugwira mapewa n'kunena kuti, "Pita bwino, mayi." Madzulo tinawaona akuguba pabwalo atavala zofanana, ndipo ngakhale tinayesetsa, sitinathe kumuzindikira pakati pa anzake.

Pobwerera, titadutsa malire a Pennsylvania, mayi ake anatsegula kabokosi ka kutsogolo kwa galimoto kufuna tishu, n'kupezamo kabuku ka kusikelo kaja, kali m'pepala lake lomwe lija la shuga. Agogo anali atanena kale kawiri kuti anangotibwereka, ndipo akukafuna kabwerere m'sutikesi mwawo.